Bere, kangaru, shuga, panado kapena morphine: khanda likamabayidwa tisankhe chiti?

Mwana wanga wachiwiri anabadwa mimba itangopitirira miyezi 7, kamunthu kakang'ono moti chipewa chomwe ndinamulukira chinkatsika mpaka pamphuno. Tinagona m'chipatala masabata atatu. Anthu amaganiza kuti chimaopsa ku nazale ndi makina aja olira usiku onse, koma ine chomwe chimandibwererabe m'maso mpaka lero ndi tizidendene take, tonse tiwiri tinali timadontho takuda tokhatokha chifukwa chobayidwa poyeza shuga ndi magazi, m'mawa, masana, pakati pa usiku. Tsiku lina ndikugwetsa misozi, gadiyani wa pabedi loyandikana nane, mayi wachikulire wa mtima wabwino zedi, anandigwira paphewa nkuti "musalire amake mwana, khanda silimva kuwawa, olo limve pofika mawa layiwala." Ndinavomera, poti mtima wanga unkafuna mawu ngati amenewo.

Koma sizoona ayi. Ndipo mawu omwewa ndimawamvabe pamzere wa sikelo kuno ku Chilomoni, nde ndati ndilembe zomwe ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa kwa anesi chibadwire mwana ameneyu, kuti amene muli ndi khanda ku nazale, kapena mukukonzekera katemera, mdulidwe kaya opaleshoni, mudziwe njira zomwe zilipo ndi zomwe mungapemphe.

Mayi aja sindikuwanena, pakuti ngakhale madokotala a ku Ulaya ndi ku America ankaganiza chomwecho mpaka zaka za m'ma 1980, moti makanda ambiri ankawachita opaleshoni atangowapatsa mankhwala oumitsa thupi kuti asatakatake, opha ululu pang'ono chabe kapena opanda. Mu 1987 Dr Anand ndi anzake ku Oxford anaonetsa kuti ana obadwa masiku asanakwane omwe anapatsidwa fentanyl, mankhwala amphamvu opha ululu, pa opaleshoni matupi awo sanavutike kwambiri ndipo mavuto a pambuyo pake anachepa. Mu 2015 komweko ku Oxford anajambula ubongo wa makanda pa MRI akuwagunda pang'ono kuphazi, nkupeza kuti mwa malo 20 a mu ubongo omwe amadzuka munthu wamkulu akamamva kuwawa, 18 amadzukanso mwa khanda.

Chomwe chinandikhudza kwambiri nchakuti mitsempha yonyamula ululu kupita ku ubongo imakhala itayamba kale ntchito mwana akamabadwa, olo wa miyezi 7, koma mitsempha ina ija yomwe imatsika kuchokera ku ubongo kudzachepetsa ululuwo imakhwima mochedwa. Zili ngati njinga yoti tcheni chilipo, matayala alipo, koma mabuleki sanamangidwe, nkuyiika pamtsetse. Ndiponso miyezi itatu yomaliza ya mimba ndi nthawi yomwe ubongo umakula mothamanga, timitsempha tikulumikizana usana ndi usiku, nde mwana wobadwa msanga ntchito yonseyi akuigwirira panja, pakati pa masingano. Ku Paris mu 2008 anawerenga ana 430 a m'zipinda za odwala kwambiri nkupeza kuti mwana mmodzi ankachitidwa zinthu zowawa pafupifupi 10 patsiku, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 za zimenezo ankachitidwa osampatsa kanthu kochepetsa ululu pa nthawiyo. Ku Vancouver, Canada, gulu la Ruth Grunau linatsatira ana obadwa msanga kwambiri kwa zaka, ndipo omwe anabayidwa kochuluka ubongo wawo unkakhwima mochedwerapo, pofika zaka 7 khungu la pamwamba la ubongo linali lopyapyala m'malo ena. Ku Toronto mu 1997 anapeza kuti anyamata omwe anadulidwa ali makanda popanda mankhwala a dzanzi ankalira ndi kuvutika kwambiri pa katemera wa miyezi 4 kapena 6 kuposa anzawo. Mwana sangakufotokozereni, koma thupi lake limasunga.

Apa ndiimepo kaye, ndisakuopsezeni pachabe. Za ubongo zija akunena ana ang'onoang'ono obayidwa kambirimbiri kwa masabata, osati jakisoni wa katemera. BCG, vitamin K wa tsiku lobadwa, majakisoni a pa masabata 6, 10 ndi 14 saononga ubongo wa mwana, chomwe chimaononga ubongo ndi matenda oumitsa khosi omwe katemerayo akuteteza. Chonde osajomba sikelo chifukwa cha zomwe ndalemba pano. Koma nkhaniyi ndi yathu ndithu, paja lipoti la 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 mwa ana 100 aliwonse.

Ndiye posankha ndikuyang'ana chani? Choyamba kukula kwa ululuwo, kubaya chidendene sikufanana ndi kung'amba pamimba, ndipo njira yomwe ikwanira pa chimodzi pa chinacho ndi nkhanza. Kenako zinayi izi pa njira iliyonse: mtengo, osati wa ndalama zokha komanso nthawi ndi thiransipoti, kupezeka kwake kuno ku Blantyre, ku health centre ngati Ndirande, Zingwangwa, Bangwe kaya Limbe, osati ku Queens kokha, ntchito yake, kutanthauza zomwe inu kapena anesi muyenera kuchita kuti igwire, ndi kuopsa kwake, kwa lero komanso kwa ubongo mtsogolo. Muyambenso mwadziwa kuona ululu pankhope: tsinya pamphumi, maso ofinyidwa, mizere yozama kuchoka pamphuno kufika pakamwa, tizala totambasuka kapena tokunga chibakera. Kamwana kofooka kwambiri pena sikalira nkomwe, kamangoti zii, nde kusalira sikutanthauza kuti sikakumva.

1. KUYAMWITSA

Kwa mwana wobadwa masiku atakwana, pa jakisoni mmodzi kapena awiri, palibe chomwe ndaona choposa bere. Limaphatikiza zinthu zinayi nthawi imodzi, kutsekemera kwa mkaka, kuyamwa, fungo la mayi ndi kufunda kwa thupi, ndipo a WHO mu 2015 analemba kuti mwana aziyamwa pa nthawi ya katemera kapena atatsala pang'ono kubayidwa.

Mtengo: ulere.

Kupezeka: kulikonse komwe mayi ali. Amayi omwe ali pa ma ARV nawonso akhoza, ndipo pa masabata 6 paja mwana amabayidwa chidendene kuti ayezedwe HIV ndi nthawi yabwino yomuika kubere. Pomwe sizitheka ndi kwa mwana wamng'ono kwambiri yemwe sanayambe kugwirizanitsa kuyamwa, kumeza ndi kupuma (ambiri amayamba cha m'masabata 32 mpaka 34 a mimba), yemwe ali pa makina othandiza kupuma, kapena yemwe amuletsa kudya podikira opaleshoni. Timadontho ta mkaka wofinya palilime timathandizako koma sitifika pa kuyamwa kwenikweni.

Ntchito yake: vuto lathu ambiri timadikira mwana alire kaye kenako nkumam'tseka pakamwa ndi bere. Ayi, ayambe kuyamwa mphindi ziwiri kapena kuposera singano isanalowe, apitirize ikulowa, apitirizenso itatuluka. Pamzere wautali muyambe kumuyamwitsa kukatsala anthu awiri kutsogolo kwanu, mwendo mutautulutsa kale m'chitenje. Ngati pali katemera wa rota wa m'kamwa uja, bola ayambe ameneyo chifukwa ndi wotsekemera, majakisoni pambuyo.

Kuopsa: ambiri amaopa kuti mwana atsamwa kapena adana nalo bere, koma ofufuza sanapeze zimenezo. Kufooka kwake nkwakuti ululu umachepa, sutheratu, ndipo pa chinthu chachikulu ngati mdulidwe bere palokha silikwanira.

2. KANGARU

Iyi nde ndimaikonda ndi mtima onse chifukwa ndi yomwe inatitulutsa m'chipatala. Inayambira ku Bogotá, Colombia mu 1978 chifukwa chosowa ma incubator, kuno kwathu inayambira ku Zomba Central mu 1999, ndipo Queens inali chimodzi mwa zipatala za m'maiko asanu (Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania) zomwe zinachita kafukufuku wa WHO wotuluka mu 2021, yemwe anapeza kuti kuyamba kangaru mwana akangobadwa, kwa ana olemera 1 kg mpaka 1.8 kg, kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ambiri timaidziwa ngati njira yofunditsa mwana kuti anenepe, koma ndi mankhwalanso a ululu. Mwana ali pachifuwa khungu kukhungu akabayidwa chidendene amalira pang'ono, mtima wake suthamanga kwambiri ndipo amakhazikika msanga.

Mtengo: zitenje ziwiri zitatu, chipewa, masokosi, thewera. Koma tinene zoona, mtengo weniweni ndi nthawi. Geni yanga inaima mwezi wathunthu, mwana wamkulu anakakhala kwa achemwali ku Machinjiri, gadiyani amayenera kudya komanso kukwera minibasi tsiku ndi tsiku.

Kupezeka: zipatala zazikulu za boma ndi za mishoni zili ndi malo a kangaru, ndipo mukatuluka mumapitiriza kunyumba. Chifuwa sichiyenera kukhala cha mayi yekha, abambo, agogo, azakhali onse akhoza. Amuna anga poyamba ankachita manyazi kuvula shati pamaso pa azimayi, koma atazolowera ankachita kundilanda.

Ntchito yake: mwana akhale pachifuwa mphindi 10 mpaka 15 asanabayidwe kuti akhale atakhazikika kale, nde pamafunika kugwirizana ndi anesi. Ine ndinaphunzira kufunsa m'mawa kuti "asisitala, shuga mumuyeza nthawi yanji kuti ndikhale nditamuika kale pachifuwa?" Anesi athu amakhala ochepa, ana ambiri, sikuti nthawi zonse zimatheka, koma mukapempha mwaulemu ambiri amalola, mwana wodekha amawapeputsiranso ntchito.

Kuopsa: khosi la mwana likapindika kapena nkhope ikakanirira pabere akhoza kubanika, nde mutu uzikhala chammbali, chibwano chokwezeka pang'ono, inuyo mukagona mukhale chotsamira. Samalaninso machubu ndi kanyula. Ku ubongo, iyi ndi njira yomwe umboni wake ukuloza kwabwino: ku Colombia anatsatira ana a kangaru mpaka zaka 20 nkupeza kuti anali odekha, osajombajomba kusukulu poyerekeza ndi anzawo a mu incubator.

3. MADZI A SHUGA A KUCHIPATALA

Ndikunena a kuchipatala, osati a m'kapu ya tiyi. Amakhala sucrose wa 24% kapena glucose woyezedwa bwino, timadontho towerengeka kutsogolo kwa lilime mphindi ziwiri asanabaye, ngakhale 0.1 ml imagwira. Sagwira ntchito chifukwa chofika m'mimba ayi, ndi kukoma kwa palilime, nde kuthira m'chubu cha chakudya nkutaya.

Mtengo: wochepa kwambiri, m'chipatala cha boma simulipira.

Kupezeka: timabotolo ta sucrose topangiratu sitioneka wamba kuno, koma dextrose, madzi a shuga a mudiripi aja, ali m'mawodi, ndipo kumusungunula kuti afike mlingo woyenera ndi ntchito ya anesi kapena adokotala.

Ntchito yake: yapafupi, ndipo amagwira bwino mwana akamayamwanso kanthu, kaya chala choyera chovala gulovu. Ubwino wake amathandiza pamene mayi palibe, mwachitsanzo mayi ali chigonere atachitidwa siza.

Kuopsa: apa mpomwe ndikufuna tiganize mofatsa. Mu 2010 ku London anayeza ubongo wa makanda akubayidwa chidendene, omwe anapatsidwa shuga nkhope zawo zinali zodekha ndithu, koma chizindikiro cha ululu mu ubongo chinali chimodzimodzi ndi omwe anapatsidwa madzi chabe. Ndiye kuti mwina shuga amatonthoza mwana osati kuchotsa ululu weniweniwo. Kafukufuku wina wa ku Canada anapezanso kuti ana obadwa mimba isanakwane masabata 31 omwe analandira shuga koposa ka 10 patsiku sabata yoyamba, kakulidwe ka mayendedwe a thupi ndi tcheru kanatsalirako. Kwa ine shuga ndi wothandizira pomwe bere ndi chifuwa palibe, kapena wophatikiza nazo, koma asakhale chifukwa choti mwana azingobayidwa poti sakulira. Kunyumba musayese, madzi athu ndi masipuni athu angamupatse matenda otsegula m'mimba, komanso mukuswa kuyamwitsa mwakathithi.

4. KUMUKULUNGA NDI KUMUGWIRA MOPINDA

Iyi ndidutsa msanga. Mumagoneka mwana chammbali, manja anu ofunda atagwira timiyendo ndi timanja mopinda ngati mmene amakhalira m'mimba, kapena kumukulunga m'chitenje nkusiya phazi lokha panja. Mtengo palibe. Kupezeka, aliyense wa m'manja mosamba akhoza, olo mwana ali mu incubator kapena pa Pumani, makina a CPAP othandiza kupuma aja omwe anayesedwa koyamba ku Queens komwe kuno. Ntchito yake nkungogwira modekha osasisita, kuyamba asanabaye mpaka atakhazikika. Kuopsa nkochepa, bola osamanga zolimba pachifuwa ndi m'chiuno. Payokha mphamvu yake ndi yochepa, imafuna inzake.

5. PANADO

Panado nde timamudalira mopitirira muyeso. Ambiri timam'mwetsa mwana tisananyamuke kupita kusikelo kuti jakisoni asawawe, koma pa kubaya kwa singano, kaya chidendene kaya katemera, panado sachita kanthu, ndipo a WHO salimbikitsa kumwetseratu. Pomwe ali ndi ntchito ndi pa ululu wokhalitsa, monga pambuyo pa opaleshoni kapena mdulidwe. Ku Rotterdam mu 2013 anapeza kuti makanda omwe anapatsidwa paracetamol (panado yemweyu) wa mudiripi atachitidwa opaleshoni yaikulu anafuna morphine wochepa ndi magawo awiri mwa atatu, imeneyo ndi phindu lalikulu.

Mtengo: wamadzi uja ndi wotchipa ku famase, kuchipatala cha boma waulere akakhalapo. Wa mudiripi ndi wodula.

Kupezeka: paliponse, mpaka pa okala, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Ntchito yake: mlingo umayendera kulemera kwa mwana ndi masiku ake, osati "theka la sipuni" lomwe anakuuzani aneba. Mabotolo amasiyananso mphamvu. Mlingo akuuzeni achipatala, akulembereni m'buku, muziyeza ndi sirinji.

Kuopsa: akachuluka amaononga chiwindi, ndipo chiwindi cha khanda nchanthete. Choopsa china, amabisa kutentha thupi. Mwana wosakwana miyezi iwiri thupi likatentha si nkhani ya panado, ndi nkhani yothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda a m'magazi amatenga khanda m'maola ochepa. Ndipo azibale ake a panado musawayandikize: aspirin ayi kwa ana, Brufen ayi asanakwane miyezi itatu, chilichonse chokhala ndi codeine ayi.

6. MANKHWALA A DZANZI

Alipo awiri, opaka monga EMLA ndi obaya a lignocaine, omwe aja amabaya posoka bala.

Mtengo: lignocaine ndi wotchipa, EMLA ndi wodula ndipo kawirikawiri mumagula nokha.

Kupezeka: lignocaine ali pafupifupi chipatala chilichonse, EMLA mumamufuna m'mafamase akuluakulu a m'tauni kapena zipatala zolipira.

Ntchito yake: wopaka amafuna ola lathunthu atamatidwa pakhungu asanagwire, nde pa zadzidzidzi sathandiza. Amathandiza potenga magazi pamtsempha kapena madzi a pamsana, koma pa chidendene anamuyesa ndipo sagwira. Pa mdulidwe wobaya uja ndi amene amagwira bwino kuposa wopaka, ndipo wodula ayenera kudikira mphindi zingapo dzanzi lilowe, osati kubaya nkuyamba pompo.

Kuopsa: EMLA akachuluka kapena akapakidwa pakhungu lotupa kapena la bala, makamaka kwa ana obadwa msanga, amasokoneza magazi kunyamula okosijeni mwana nkuyamba kubiriwira. Lignocaine akapyola mlingo amakomola ndi kusokoneza mtima. Koma m'manja mwa wodziwa, ubwino wake ululu amautsekera pamalo pomwepo, ubongo osaledzera.

7. MORPHINE, FENTANYL NDI MANKHWALA OGONETSA

Apa kusankha si kwanu nokha, ndi kwa adokotala, komabe ndi bwino kudziwa chomwe mukuvomera posayina.

Mtengo: ku boma simulipira, kuzipatala zolipira bilu ya opaleshoni ndi chipinda cha odwala kwambiri ndi yolemera, funsiranitu.

Kupezeka: zipatala zazikulu zokha. Kuno tili ndi mwayi, Mercy James Centre ku Queens yomwe inatsegulidwa mu 2017 imachita maopaleshoni a ana ndipo ili ndi chipinda cha ana odwala kwambiri, anzathu a kumaboma amachita kutumizidwa kuno.

Ntchito yake: mwana amafuna diso nthawi zonse, makina oyeza okosijeni, munthu wodziwa kumupumitsa akasiya kupuma, ndi naloxone pafupi wobweza mphamvu ya morphine. Akalandira masiku ambiri samusiyitsa kamodzi, amachepetsa pang'onopang'ono, apo ayi amanjenjemera, kulira kosatonthozeka ndi kutsegula m'mimba.

Kuopsa: apa mpomwe nkhani ya ubongo ili ndi mbali ziwiri. Munthu ungaganize kuti poti ululu umaononga, bola kungomupatsa mwana morphine nthawi zonse. Anayesa. Mu kafukufuku wa NEOPAIN wa 2004, wa ana 898 obadwa msanga omwe anali pa makina opumira, morphine wa mudiripi wosalekeza sanachepetse imfa kapena kuvulala kwa ubongo, ndipo BP inkatsika mwa ambiri. Ku Oxford mu 2018 anayesa morphine wakumwa poyeza maso a ana obadwa msanga, kafukufukuyo anamuimitsa atangofika ana 31 chifukwa ankabanika. A ku Vancouver aja anapezanso kuti morphine wochuluka amayendera limodzi ndi kakulidwe kochepa ka kaubongo ka kunkhongo kamene kamayendetsa thupi, ndipo midazolam, yemwe amangogonetsa osapha ululu, ndi kakulidwe kochepa ka mbali yosunga zinthu m'mutu. Mu 2016 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linachenjeza za kugonetsa ana osakwana zaka zitatu kopitirira maola atatu kapena mobwerezabwereza.

Koma musathawe nazo opaleshoni. Kafukufuku wa GAS wa ana 722 ochitidwa opaleshoni ya chophuka ali makanda anapeza mu 2019 kuti ogonetsedwa kwa nthawi yosakwana ola limodzi nzeru zawo pa zaka 5 zinali chimodzimodzi ndi omwe anangobayidwa dzanzi pamsana. Ndipo mwana wong'ambidwa pamimba opanda mankhwala amphamvu ndi kubwerera ku zaka za m'ma 1980 zija. Pa ululu waukulu morphine ndi chifundo, pa singano imodzi ndi katundu wolemera kuposa vutolo.

Ndisanamalize, za kumudzi ndi za m'golosale. Uchi ayi mwana asanakwane chaka, umatha kukhala ndi tizilombo tofoola thupi mpaka kulephera kupuma. Gripe water sapha ululu wa singano. Mankhwala akumwa achikuda mlingo wake palibe amaudziwa. Ndipo mphini, kaya za liwombo kaya za kulira usiku, ndikupemphani agogo athu ndi ulemu onse, kumeneko ndi kucheka khungu la khanda popanda dzanzi, ululu womwewu tikuuthawawu, kuonjezapo matenda olowera palezala.

Nde chiti pa nthawi iti?

Katemera wa kusikelo, vitamin K, kuyeza HIV pa masabata 6, mwana wathanzi: bere, kuyamba asanabaye, mwana ali m'manja mwanu osati pabenchi. Ngati sakuyamwa, m'kumbatireni khungu kukhungu. Panado wa pasadakhale musiyeni.

Mwana wobadwa masiku asanakwane yemwe akubayidwa tsiku ndi tsiku ku nazale: kangaru poyamba, ndi timadontho ta mkaka wofinya kapena shuga wa anesi. Ngati sangatuluke mu incubator, manja anu amugwire mopinda. Ndipo apa chachikulu kuposa zonse nkuchepetsa masingano enieniwo. Funsani kuti "adokotala, magazi awa ndi a shuga aja sangatengedwe kamodzi?" kapena "kuyeza shuga kukufunikabe kangati patsiku?" Pena yankho likhala lakuti akufunikadi onse, shuga wotsika nayenso amaononga ubongo, nde mukatero mwamva chifukwa chake.

Kutenga magazi ambiri, kuika kanyula, kutenga madzi a pamsana: shuga ndi kuyamwa chala, kumugwira mopinda, ndi EMLA ngati alipo ndipo nthawi ikulola. Kwa mwana wobadwa masiku atakwana, kutenga pamtsempha ndi munthu waluso kumawawa pang'ono kuposa kufinya chidendene.

Mdulidwe wa khanda: funsani musanavomere ngati abaya lignocaine. Akati mwana ndi wamng'ono samva, nyamulani mwana wanu mukafune kwina. Shuga kapena bere ndi zoonjezera chabe, panado pambuyo pake pa mlingo womwe akupatsani.

Opaleshoni yofunika, monga matumbo otsekeka, msana wotseguka kapena chophuka chokanirira: vomerani kugonetsa ndi morphine, kudikira nkoopsa kuposa mankhwalawo. Mufunse kuti itenga maola angati, ngati paracetamol angathandize kuchepetsa morphine, ndi tsiku lomwe mungayambirenso kangaru. Ikakhala opaleshoni yosafulumira, funsani ngati ingadikire mwana akuleko.

Mwana ali pa makina opumira: morphine pamene akuoneka kuti akumva ululu kapena pomuika chubu, osati kungotsegula diripi poti ali pamakina. Mukaona tsinya lija pamphumi inu muli pambali, auzeni anesi, inuyo ndi amene mumakhala naye maola ambiri.

Mwana ali kunyumba, akungolira osatonthozeka, akukana bere, thupi latentha kapena lazizira, mimba yatupa, mchombo wafiira kapena ukutuluka mafinya, liwombo latukuka, akupuma mothamanga kapena akukomoka: pa zonse ndalemba pamwambapa musasankhepo chilichonse. M'fundikeni pachifuwa, tengani buku lake la kusikelo, mupite ku health centre yapafupi, ukakhala usiku pezani galimoto mpaka ku Queens.